Bondo la Elisha

Towela anadziwa kuti zinthu sizili bwino asanamuone n'komwe mwana wake. Anangomva mmene ankakwerera masitepe. Nyumba yawo ya ku Wigston inali ndi masitepe a matabwa osasunga chinsinsi, ndipo Elisha chikulire ankawakwera awiriawiri ngati akuthamangitsidwa. Koma Lachitatu limenelo, cha m'ma faifi koloko madzulo, anakwera limodzilimodzi, phazi lina likuponda mwamphamvu, linalo likungokhudza.

Towela anasiya anyezi amene ankadula, n'kupukuta manja, n'kumulondola.

Iye anali namwino, ndipo pa zaka makumi awiri ndi chimodzi zimene anakhala ku Leicester, zambiri anagwira ntchito mu wodi ya mafupa. Mayendedwe a munthu ankawawerenga ngati kalata. Anamupeza Elisha atakhala pa bedi, akuyesa kuvula thalauzi popanda kupinda mwendo wakumanja.

"Onetsa."

"Palibe kanthu, Mami. Ndangodzigunda pang'ono ku pulakatisi."

Elisha Chichewa ankachimva chonse koma ankayankha m'Chingelezi, monga amachitira ana obadwira kuno. Anali ndi zaka 19, wamtali kuposa bambo ake, koma pamaso pa mayi ake bodza linkamukanika.

"Ndati onetsa."

Bondo linali litatupa ngati papaya, likutentha. Towela anamugoneka chagada, n'kugwira ntchafu ndi dzanja limodzi, linalo kumunsi kwa bondo, n'kukoka pang'ono. Mwendo unabwera kutsogolo kupitirira pomwe umayenera kuthera. Anayesa bondo linalo kuti afanizire, kenako anabwereranso ku lotupalo. Elisha anangoti maso kudenga, atalumanitsa mano.

"Unamva kulira mkati?"

"Pang'ono."

"Mtsempha wa mkati wang'ambika, koma ndikuona ngati sunaduke wonse. Mawa tikupita akakujambule. Za Loweruka uiwale."

Za Loweruka zinali izi. Chaka chilichonse aphunzitsi a mpira wa miyendo m'makoleji ankasankha anyamata aluso kwambiri a kuno ku East Midlands kuti asewere ndi anzawo osankhidwa a ku West Midlands. Chikho panalibe. Chimene anyamata ankafera chinali anthu obwera kudzaonerera, masikauti, amene makalabu amawatuma kuti akasake osewera. Sikauti akakomedwa nawe amakuitana kuti ukayesedwe ku kalabu yake, ndipo ukachita mwayi umasayina. Akakuona koma osalemba kanthu, basi, zako zathera pomwepo.

Elisha anali atalowapo kale pa khomo lotere n'kutulutsidwa. Kalabu ina yaikulu inamutenga ali ndi zaka 9, inamusunga zaka zisanu ndi ziwiri, kenako tsiku lina anamuitana pamodzi ndi makolo ake mu kaofesi konunkha khofi n'kuwauza m'mphindi khumi kuti mwanayo ndi waluso ndithu, koma sakumufunanso. Anatha miyezi inayi osakhudza mpira. Ku koleji ndi kumene anayambiranso, ndipo chaka chimenechi chinali chomaliza chimene msinkhu wake unkamulola kusewera nawo masewero a osankhidwawo. Mphunzitsi wa timu yawo, bambo wina dzina lake Javed, anali atamuuza kale kuti ayamba ndi iyeyo kumbali yakumanja.

"Mami, a Javed akamva andichotsa. Wovulala sasewera, lamulo lake ndi limenelo."

"Ndiye lamulo labwinotu."

Dixon, bambo ake a Elisha, analowa ali chivalire jekete ya kuntchito. Ankayendetsa galimoto yoperekera katundu m'makomo mwa anthu, ndipo tsiku lililonse ankabwera msana ukuwawa. Nkhani yonse anaimva ataima pakhomo, manja ali m'thumba.

"Mayi a Elisha, ndiye kuti sangathe kuthamanga?"

"Kuthamanga molunjika angathe. Kutembenuka ndiye ayi."

"Nanga mutamanga bwinobwino?"

"Bambo a Elisha, bondo si thumba la makala."

Dixon anakhala pansi pamphepete pa bedi. Sanakalipe. Analankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinali zovuta kuyankha.

"Zaka khumi ndakhala ndikuima m'mabwalo a anthuwa. Mvula, chisanu, zala zitachita kuuma. Derby, Lincoln, Northampton, palibe kumene sindinamuperekeze. Lero khomo latsegukanso, inu mukuti tidikire. Tidikire chiyani? Chaka chamawa ndi cha ana a ena. Chigawo choyamba chokha, amuone, atuluke. Adzachira pambuyo."

"Nanga ukaduka wonse?"

"Mulungu sangalole zimenezo."

Towela anakana tsiku limenelo, anakananso Lachinayi. Elisha anaswera ndi ayezi pa bondo, ndipo kutupa kunatsika. Ankayenda mwadala pamaso pa mayi ake, kuchoka pabalaza kupita kukhitchini, nkhope ataiumitsa kuti ululu usaoneke. Lachisanu m'mawa, Towela akukonzeka kupita ku shifiti, mnyamatayo anaima pakhomo la khitchini n'kumutsekera njira. Sanalankhule Chingelezi.

"Amayi, chonde. Ndikupempha."

Mawuwo anatuluka opindika ngati a mzungu wa ku mishoni, ndipo tsiku lina lililonse Towela akanaseka. Koma sankakumbukira n'komwe kuti mwanayo anamulankhula liti Chichewa komaliza. Anatenga chikwama chake n'kutuluka. Pobwerera madzulo anadzera ku famase n'kugula tepi yomangira ndi mankhwala opha ululu.

Loweruka m'mawa anamanga bondolo. Anameta ubweya kuti tepi igwire, anayamba ndi mizere iwiri yozungulira, wina kumtunda wina kumunsi, kenako yopingasa mbali zonse, uliwonse utakokedwa mofanana. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo. Atamaliza, Elisha anavala thalauzi yakuda yothina imene osewera amavala mkati kukamazizira, ndipo palibe chimene chinkaoneka.

"Ukamva kuti likusuntha, ukweze dzanja utuluke. Wamva?"

"Ndamva, Mami."

Onse awiri ankadziwa kuti sadzakweza dzanja.

Bwalo linali cha ku Oadby, pamtetete pomwe mphepo ya mu Malichi inkadutsa popanda choitchinga. Makolo anaima m'mbali atagwira chitsulo chozungulira bwalo. Towela ndi Dixon asanapeze n'komwe poima, anamva mawu akuwaitana.

"Achemwali! Alamu! Lero ndi lathu!"

Anali Joanna, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi kontena ya mandasi, chitenje atachikulunga pamwamba pa jekete. Joanna anali mnzake wa Towela wa zaka zambiri. Anafika ku England ndi mwana wa zaka zitatu, wopanda mapepala, ndipo anagona pa sofa ya Towela miyezi isanu ndi itatu nkhani yake ikuzungulira m'maofesi. Atamulola kukhala anasamukira ku Hyson Green, ku Nottingham, komwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wake, Chilungamo, anakula akuvala nsapato za mpira zimene Elisha zamuthina. Nayenso anasankhidwa, nayenso ankasewera kumbali yakumanja, koma aliyense ankadziwa kuti malo ake ndi pa benchi.

"Ndakwera mabasi atatu," anatero Joanna akuthira tiyi. "Wangayo akangoponda udzu ngakhale mphindi zisanu, ine ndakhuta."

Masikauti analipo mwina khumi ndi awiri. Anadziunjika mbali imodzi, onse majekete akuda, makapu a khofi m'manja, ena ndi timabuku, ena akulemba m'mafoni. Sankaomba m'manja, sankaseka. Anyamata potuluka m'chipinda chovalira ankayesetsa kusawayang'ana, koma aliyense ankaponyako diso.

Wezulo italira, Towela sanaonere mpira. Ankaonera bondo. Elisha akathamanga, iye ankawerenga mapondedwe. Akaima, ankayang'ana mwendo umene watsamira. Mphindi zisanu zoyamba mnyamatayo ankasamala, akulandira mpira n'kuupereka msanga. Kenako magazi anatentha, mankhwala anagwira, ndipo anaiwala kuti ali ndi bondo. Anatenga mpira pakati pa bwalo, ananjanja mmodzi, anadutsa wachiwiri ngati waima, anafika kumapeto n'kuuponya m'mwamba. Mnzake wina wamtali anaugunda ndi mutu, ukonde n'kugwedezeka.

"Wanga ameneyo!" anakuwa Dixon, akugwedeza mzungu amene anaima naye pafupi. "Mwana wanga ameneyo!"

Joanna anamukumbatira Towela mpaka tiyi kutayikira pa nsapato. Kutsidya, sikauti wina wa imvi anayang'ana pepala la mayina, anayang'ananso nambala ya kumsana kwa Elisha, n'kulemba kwa nthawi ndithu. Towela anaziona zimenezo, ndipo chimwemwe chinamudzaza. Anadziuza kuti mwina analakwitsa pomuyeza. Mwina anachita mantha ndi zinthu zazing'ono, monga amachitira anthu oswera ndi odwala. Anayamba kukuwa nawo.

Patatha theka la ola, mpira wautali unabwera kumbali yake. Elisha anauthamangira, wotchinga kumbuyo wa timu inayo ali pambali pake. Anayamba kuupeza ndi Elisha. Anaponda ndi phazi lakumanja kuti atembenukire mkati, thupi linatembenuka, koma bondo linapindikira kumene bondo silipindikira. Palibe amene anamukhudza. Wotchingayo anakweza manja m'mwamba kusonyeza kuti si iye.

Kulira kwa anthu ovulala Towela ankakumva tsiku ndi tsiku, koma uku kunali kwa mwana wake. Anawerama n'kudutsa pansi pa chitsulo chija, n'kuthamanga m'matope ndi nsapato zake zoyendera. Woyimbira mpira anafuna kumubweza.

"Ndine mayi ake! Ndine namwino!"

Anamusiya. Mtsikana wothandiza ovulala, dzina lake Roshan, anali atagwada kale pambali pa Elisha. Anatulutsa sizasi n'kudula thalauzi yakuda ija kuyambira kumunsi. Itatseguka, tepi inaonekera, yoyera, mizere yake yolongosoka. Roshan anaima kaye.

"Wamanga izi ndani?"

Javed anafika akupuma mothamanga, anayang'ana bondo, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Unali wovulala kale? Chiyambire liti?"

"Ndamanga ndekha," anatero Elisha, misozi ikulowa m'makutu. "Ndaonera pa foni."

Roshan anayendetsa chala pa mizere yopingasa ija. "Izi munthu samanga yekha," anatero motsitsa. Kenako anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Towela, amene anali atangolengeza bwalo lonse kuti ndi namwino. Anapempha kuti abweretse machira.

Anthu anaomba m'manja pamene ankamutulutsa. Njira yopita ku chipinda chovalira inkadutsa pomwe panaima masikauti, ndipo Towela, atagwira dzanja la mwana wake, anamuyang'ana wa imvi uja. Bamboyo sanaone n'komwe machira akudutsa. Maso ake anali pa benchi, pomwe Chilungamo ankavula jekete. Chilungamo anathamangira kumachira, anamugwira Elisha paphewa, n'kulowa m'bwalo.

Ambulansi inachedwa. Anadikira m'chipinda chozizira chonunkha thukuta ndi matope, Elisha atagona pa benchi, mkono ataphimba nawo kumaso, Dixon akuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Phokoso la kubwalo linkalowera pa kawindo ka m'mwamba. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anamva anthu akufuula, ndipo pamwamba pa phokosolo panamveka nthungululu yaitali, yakuthwa. Mu Oadby monse munali mayi mmodzi yekha amene akanaimba nthungululu yotero. Ambulansi isanafike, inamvekanso kachiwiri.

Kuchipatala anapeza kuti mtsempha unaduka wonse, ndipo zina za mkati mwa bondo zinang'ambikanso. Dokotala amene anawafotokozera anali munthu amene Towela ankagwira naye ntchito zaka zambiri, amene ankamukhulupirira moti nthawi zina ankamufunsa maganizo pamaso pa madokotala achinyamata.

"Pali zizindikiro zoti linavulala kale masiku angapo m'mbuyomu," anatero dokotalayo. "Anapitiriza kusewera?"

Towela anagwedeza mutu kuvomera.

Dokotala anayang'ana chithunzi cha bondo kwa kanthawi. "Akanapuma, mwina miyezi iwiri ikanakwana. Panopa ndi opaleshoni, kenako chaka chathunthu. Za mpira wa pamwamba sindingalonjeze." Sanamufunse chilichonse Towela, ndipo chiyambire tsiku limenelo, akakumana m'wodi, Towela ankapeza chochita mbali ina.

Kunyumba kunali zii. Dixon anatha masiku angapo akudya mwakachetechete, mpaka tsiku lina ali patebulo anaika foloko pansi.

"Koma inuyo, monga namwino, simunaone kuti ndi zoopsa chonchi?"

"Ndinakuuzani."

"Munanena, inde. Koma simunalimbikire. Ife titaona mukumanga tinati ndiye kuti n'zotheka. Ife timadziwa chiyani za mabondo?"

Towela anamuyang'ana mwamuna wake, munthu amene anakhala pamphepete pa bedi n'kuwerenga mayina a matauni, ndipo anaona kuti sakunama dala. Anali atakhulupirira kale kuti zinayenda choncho. Towela anatola mbale yake n'kukataya chakudya mu bini.

Elisha sanakalipire munthu. Atachitidwa opaleshoni ankaswera pa sofa, mwendo uli pa mapilo, foni m'manja. Mpira ukayamba pa TV ankasintha. Tsiku lina masana Towela akumusintha bandeji, atawerama pa bondo lomwelo, mnyamatayo analankhula ngati akulankhula ndi khoma.

"Mami, mukanangokana."

"Ndinakana kawiri."

"Mukanakana katatu."

Towela anamaliza kumata bandeji, anatolera zonyansa, n'kupita kukasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali.

Chilungamo anagoletsa zigoli ziwiri tsiku lija. Makalabu atatu anamuitana, ndipo patatha mwezi, imodzi mwa makalabuwo inamusayinitsa kwa zaka ziwiri. Sinali kalabu yaikulu, koma inali ya mpira wolipidwa, chinthu chimene Dixon ankachilota mokweza kwa zaka khumi. Towela anatumiza uthenga wa mafuno abwino pa foni, n'kuikapo timanja topemphera. Joanna anayankha kuti akumupempherera Elisha tsiku lililonse.

Amalawi a ku Leicester ndi Nottingham ankakumana kamodzi pa mwezi, Lamlungu masana, mu holo ina yobwereka. Ankapemphera, kuimba nyimbo za kumudzi, kenako kudya. Towela anajomba kamodzi, koma ulendo wotsatira linali dzina lake lobweretsa mpunga, ndiye anapita ndi Dixon. Elisha anatsala kunyumba.

Itakwana nthawi ya maumboni, Joanna anali woyamba kuimirira. Anavala diresi yatsopano yobiriwira, ndipo asanayambe kulankhula anayamba wavina kaye, anthu akumuombera m'manja.

"Abale, Mulungu wathu sagona!"

"Ameni!"

"Nonse mukudziwa mmene ndinafikira m'dziko lino. Ndinalibe kanthu, ndinali ndi mwana yekha. Mwana ameneyo anamusankha ku mpira, koma anamuika pa benchi. Ndinati ayi, Ambuye, wanga si wa pa benchi. Ndinasala kudya masiku atatu, ndikugwira shifiti ya maola khumi ndi awiri, madzi okha. Ndinati Ambuye, tsegulani njira pomwe palibe njira. Ndipo abale, tsiku lake litafika, Ambuye anatsegula! Chimene chinatchinga anachichotsa! Mwana wanga analowa!"

Holo yonse inaphulika. Amayi anaimba nthungululu, wa kiyibodi anayambitsa kolasi. Amayi awiri amene anakhala kutsogolo kwa Towela anacheuka, maso awo anakumana ndi ake, n'kubwezanso nkhope msanga. Pambali pake Dixon anali ataweramitsa mutu, koma manja ake ankaomba, pang'onopang'ono, poopa kuoneka wansanje.

Towela sanaimirire pa kolasi. Anadikira mpaka pemphero lomaliza, kenako anapita kukhitchini ya holoyo kukatenthetsa mpunga. Joanna anamupeza komweko, thukuta la kuvina likadali pamphumi, manja atatambasula.

"Achemwali! Elisha ali bwanji? Bwanji simunabwere naye?"

Towela sanalowe m'manjamo. Anatseka chitseko cha khitchini.

"Mayi a Chilu, chimene chinatchinga chija n'chiyani?"

"Mukuti bwanji?"

"Mwanena kuti Ambuye anachotsa chimene chinatchinga. Ndikufunsa dzina lake. Chifukwa ine ndachisiya kunyumba pa sofa, chikukanika kupita kuchimbudzi chokha. Sofa yomwe ija munkagonapo inu."

Nkhope ya Joanna inagwa. "Aa, achemwali, ine sindinatanthauze choncho. Mawu angotuluka. Ndimati ndithokoze Mulungu basi."

"Munasala kudya masiku atatu. Munkaganiza kuti njira itseguka bwanji, malo ake ali amodzi?"

"Ndinkati mwina Elisha atopa. Mwina amupumitsa."

"Watopadi. Amupumitsa chaka."

Joanna anapotokola mpango umene unali m'manja mwake. Kenako anadzutsa mutu, ndipo mawu ake anasintha.

"Ndikupepesa pa mawuwo, anali olakwika. Koma musandisenzetse katundu amene si wanga. Inu muli ndi nyumba yanuyanu, muli ndi bambo kunyumba, muli ndi ntchito ya ulemu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuombera m'manja mwana wanu, wanga atavala zotsala. Sindinadandaulepo. Lero kamodzi kokha Mulungu wandiyang'ana, ndibise?"

"Sindinati mubise."

"Chilu anandiuza kuti Elisha ankatsimphina chiyambire Lachitatu. Anyamata onse ankadziwa. Mwana wanga akanatha kukanena kwa aphunzitsi n'kutenga malowo mwachilungamo, koma anasunga pakamwa chifukwa ndi mbale wake. Ndiye ndikufunseni, achemwali, popeza mwayamba ndinu. Bondo lija ndinamanga ndine?"

Panja wina anagogoda, akufunsa ngati mpunga watentha. Towela anatsegula chitseko, anapereka poto kwa mayi amene anaima pamenepo, anatenga chikwama chake n'kutuluka mu holomo osatsanzika. Anakhala m'galimoto mpaka Dixon anabwera, mbale ya chakudya yokutira ili m'manja.

"Anthu akufunsatu kuti mwapita kuti," anatero Dixon. "Zimaoneka ngati tili ndi kaduka."

"Tiyeni tizipita."

Ku mapemphero a Amalawi Towela sanapitenso. Joanna anaimba foni kangapo, kenako anatumiza uthenga wautali umene Towela anauona poyambira pokha n'kuusiya. Amayi ena a m'gulu anabwera kunyumba kudzamuuza kuti kukhululuka ndi lamulo la Mulungu. Anawaphikira tiyi, anawamvetsera, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Akanakonda Joanna akananena bodza, chifukwa bodza likanakhululukika msanga.

Elisha anasiya ndodo zoyendera mu Juni. Anamaliza koleji, n'kupeza ntchito yolandira anthu pa malo ena ochitira masewera olimbitsa thupi ku Wigston komweko. Bondo linkapinda, koma kukazizira linkamukumbutsa. Za mpira sankazitchula, ndipo Dixon naye anasiya. Loweruka masana bambo ndi mwana ankatsuka galimoto.

Chakumapeto kwa Ogasiti, Lachinayi lina, Elisha analowa m'khitchini foni ili m'manja.

"Mami, Chilu akuyamba Loweruka. Masewero ake oyamba. Watisungira matikiti atatu."

Towela anapitiriza kupukuta mbale. "Ndiye upita?"

"Ndipita. Ndi mnzanga, Mami. Sanalakwe chilichonse. Adadi avomera kale. Anti Joanna akuti mukabwere."

Towela anamuyang'ana mwana wake. Anali atanenepa pang'ono kumaso, ndipo anaima atatsamira mwendo wakumanzere osadziwa n'komwe kuti akutero. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Iye anali atayamba kale kupita patsogolo, ndipo Towela anadabwa kuona kuti ngakhale zimenezo zinamuwawa.

"Loweruka ndili pa shifiti," anatero.

"Ndimayesa muli pa ofu."

"Asintha."

Elisha anagwedeza mutu n'kutuluka. Towela anaimika mbale yomaliza, anatenga foni yake, n'kuimbira mkulu wa wodi kufunsa ngati pali munthu amene akufuna kupuma Loweruka.